Kutchetcha Tchire ndi Thirakitala: Kusankha ndi Kugwiritsa Ntchito Makina a Flail

Munda ukagonera zaka ziwiri kapena zitatu osalimidwa, tchire limabwerera. Poyamba pamamera udzu wautali monga tsekera ndi nsenjere, kenako zitsamba zaminga, ndipo pomaliza mphukira za mitengo yomwe zitsa zake zidatsala m'nthaka. Pa malo aang'ono chikwakwa ndi chikwanje zimakwanira. Koma pa famu ya ng'ombe, m'munda wa makadamiya, m'mphepete mwa msewu kapena m'nkhalango yodzala, mahekitala amachuluka kuposa manja a anthu, ndipo ntchitoyi imagwera thirakitala.

Makina otchetchera omwe amakokedwa ndi thirakitala alipo a mitundu ingapo. Nkhani ino ikukamba za mtundu umodzi, wotchedwa flail mower, ndipo ikuyankha mafunso awiri. Loyamba, ndi pa malo otani pamene makinawa amaposa silasha ya thirakitala yomwe alimi ambiri amaidziwa? Lachiwiri, munthu akawasankha, awagule otani ndipo awayendetse bwanji kuti akhalitse pa malo a miyala, zitsa ndi maenje?

Mmene makinawa amadulira

Mtima wa makina a flail ndi chipaipi chachitsulo chochindikala, chomwe amakaniko amachitcha rota. Rota imagona chopingasa kumbuyo kwa thirakitala, ndipo pa thupi lake lonse pamalendewera timipeni kapena tinyundo tambirimbiri. Kampeni kalikonse kamamangidwa ndi bawuti imodzi kapena unyolo waufupi, kotero kamagwedera momasuka. Makina akaima, timipeni timangolendewera. Rota ikayamba kuzungulira, liwiro limatiwongola tonse n'kuloza kunja.

Mphamvu imachoka ku injini kudzera pa shafuti ya kumbuyo kwa thirakitala yotchedwa PTO, yomwe pa mathirakitala ambiri imazungulira maulendo 540 pa mphindi. Kuchoka apo imalowa m'giyabokosi, kenako m'malamba atatu, anayi kapena asanu a m'mbali, omwe amazunguza rota maulendo opitirira 2,000 pa mphindi. Mwachitsanzo, rota yotalika masentimita 45 kuchoka pa nsonga ya mpeni kufika pa nsonga ya mpeni wa mbali ina, ikamazungulira maulendo 2,200 pa mphindi, nsongazo zimathamanga mamita pafupifupi 52 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere chomera sichichekedwa ayi, chimathyoledwa ndi kumenya. N'chifukwa chake liwiro la rota ndi lofunika kuposa kuthwa kwa mipeni.

Zinthu ziwiri zimachokera m'kapangidwe kameneka. Choyamba, kampeni kakagunda mwala kapena chitsa kamapindikira kumbuyo n'kudutsa, ndipo mphamvu ya kugundako siikwera yonse mpaka ku giyabokosi. Chachiwiri, rota imakhala mkati mwa chivindikiro chachitsulo, choncho udzu ndi nthambi zimamenyedwa kangapo zisanagwe, n'kutuluka zili zidutswa zing'onozing'ono zomwazika mofanana. Kumbuyo kuli rola yogudubuzika pansi, yomwe imasunga msinkhu wa kadulidwe ndi kutsata mmene nthaka yakwerera kapena kutsikira.

Kumene makinawa adachokera

M'zaka za m'ma 1800, udzu ku Ulaya ndi ku America unkadulidwa ndi makina okokedwa ndi akavalo, a mpeni wautali wa mano woyenda uku ndi uku. Makina otere amadula bwino udzu wodyetsa ziweto, koma pa tchire mano amathyoka ndipo mpeni umatsamwa.

Zinthu ziwiri zidatsegula njira ya makina amphamvu. Mu 1918 kampani ya International Harvester idayamba kugulitsa thirakitala yokhala ndi PTO, ndipo m'zaka za m'ma 1920 akatswiri a ku America adagwirizana za liwiro limodzi la shafutiyo, kuti chipangizo cha kampani ina chizikwana pa thirakitala ya kampani ina. Liwiro lachiwiri, la maulendo 1,000 pa mphindi, lidabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kaamba ka mathirakitala akuluakulu. Chinthu china chidali mikono itatu ya kumbuyo yonyamulira zipangizo, nzeru ya Harry Ferguson yomwe adailembetsa ku Britain mu 1926. Idafala ndi thirakitala ya Ford 9N ya 1939 komanso Ferguson TE20 ya 1946.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, njira ziwiri zotchetchera tchire zidakula limodzi. Kampani ya Bush Hog ya ku Selma, m'chigawo cha Alabama, idatulutsa silasha yake mu 1951. Kampani ya Mott ya ku Illinois idatchuka ndi makina a timipeni tolendewera, omwe ankakondedwa m'mphepete mwa misewu ndi m'mabwalo a sukulu. Ku Britain makampani monga McConnel ndi Bomford adaika mutu wa flail pa mkono wautali wa hayidiroliki wometera mipanda ya mitengo. Ku Italy, dziko la minda ya mphesa ndi zipatso, makinawa adakonzedwa kuti aziphwanya nthambi zosadzidwa pakati pa mizere, ndipo mpaka lero makampani ambiri odziwika, monga Maschio Gaspardo, Berti ndi Seppi, ndi a kumeneko. Kum'mwera kwa Africa silasha ndiyo idazika mizu, ndipo makampani monga Falcon ya ku Howick ku South Africa amaipanga komweko. Mbiriyi ikufotokoza chifukwa chake zipangizo za silasha sizivuta kupeza kuno, pamene za flail nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa.

Flail kapena silasha?

Silasha ili ndi mipeni iwiri kapena inayi yolemera, kapena maunyolo, yozungulira chogona pansi pa denga lachitsulo. Ziwalo zake ndi zochepa, mtengo wake ndi wotsika, ndipo wowotcherera wa pa boma atha kuikonza. Pa tchire lalikulu la kutali ndi anthu imayenda msanga ndipo imafuna mphamvu zochepa pa mita iliyonse ya m'lifupi mwake. Awa ndi maganizo a mbali yoyamba, ndipo ndi oona.

Mbali yachiwiri imaloza zofooka zitatu za silasha. Mipeni yake imaponya miyala ndi zidutswa za mitengo cham'mbali, mamita makumi angapo, mwamphamvu yoswa galasi la galimoto kapena kupha munthu. Zodulidwa zimatsala zazitalizitali ndipo zimaunjikana mbali imodzi, n'kuphimba udzu watsopano. Komanso denga lake ndi lalitali chakumbuyo, kotero pa malo okwera ndi otsika imapala nthaka pa chitunda n'kusiya udzu m'chigwa.

Makina a flail amayankha zonse zitatuzi. Amaponyera zinthu pansi, mkati mwa chivindikiro; amaphwanya zodulidwa; ndipo ndi aafupi, oyandikana ndi matayala a kumbuyo, choncho amakhota mosavuta pakati pa mitengo. Zovuta zake ndi izi: amagulidwa modula, amayenda pang'onopang'ono, amamwa dizilo wambiri pa hekitala chifukwa chomenya chomera chimodzi kangapo, ndipo ali ndi mipeni, mabawuti, malamba ndi mabering'i ofuna diso tsiku ndi tsiku.

Pamfundo izi odziwa makina sasiyana kwenikweni. Pomwe pali anthu, nyumba, ziweto, magalimoto kapena mitengo ya zipatso yomwe makungwa ake sayenera kuvulala, flail ndiyo yoyenera. Pomwe pali tchire lotambalala lopanda chowonongeka, ndipo cholinga n'kungoligwetsa, silasha imachita ntchitoyo motchipa.

Mipeni kapena nyundo?

Chomwe chimalendewera pa rota ndicho chimalamula ntchito yomwe makina angathe. Mitundu yofala ndi iwiri.

Mtundu woyamba ndi timipeni tiwiritiwiri topindika, tomangidwa msana ndi msana mooneka ngati chilembo cha Y. N'topepuka, sitifuna mphamvu zambiri, ndipo timaphwanya bwino udzu wautali, mapesi a chimanga ndi zitsamba zanthete mpaka kunenepa kwa masentimita 2 kapena 3. Tikagunda mwala timapindika kapena kuthyoka, koma mtengo wa kamodzi ndi wochepa.

Mtundu wachiwiri ndi nyundo, zitsulo zolemera za mlomo wotambalala, zina zopitirira kilogalamu imodzi. Kulemerako kumasunga mphamvu yomwe imaphwanya mitengo ya masentimita 5, ndipo pa makina olimba kwambiri mpaka 8. Nyundo zimasiya pansi posalala, koma zimafuna thirakitala yamphamvu, ndipo zikagunda mwala waukulu mabering'i ndi rota zimamva.

Pa malo a miyala yambiri pali kusiyana maganizo. Ena amati nyundo ndi zabwino chifukwa sizithyoka wamba. Ena amati timipeni topepuka ta pa unyolo ndi tabwino chifukwa timathawa mwala mbali iliyonse, ndipo totayika timabwezeretsedwa motchipa. Onse ali ndi mfundo, ndipo yankho limatengera chomwe chachuluka pa malowo. Ngati ndi udzu pakati pa miyala, timipeni tikwanira. Ngati ndi mitengo ing'onoing'ono, nyundo sizingapewedwe, ndipo miyalayo iyenera kuchotsedwa kapena kuzembedwa.

Mitengo yonenepa kuposa masentimita 8 si ya makinawa. Imafuna chikwanje, sowo, kapena makina a m'nkhalango a mano osagwedera, omwe ndi olemera kwambiri ndipo amafuna thirakitala ya mphamvu zopitirira 100 hp nthawi zambiri.

Kuyamba ndi thirakitala yomwe ilipo

Cholakwa chofala ndi kusankha makina potengera m'lifupi mwake. Dongosolo labwino limayambira pa thirakitala, ndipo pali zinthu zinayi zoyeza.

Choyamba ndi mphamvu ya pa PTO, yomwe imachepa ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi mphamvu ya injini yolembedwa pa boneti. Opanga makina amalemba mphamvu yofunika, ndipo manambala awo amayendera apa: makina a mita imodzi ndi theka amafuna 25 mpaka 40 hp, a nyundo a mamita 1.8 mpaka 2 amafuna 50 mpaka 70 hp, ndipo a mamita 2.5 amafuna 70 mpaka 90 hp. Nambala ya m'munsi ndi ya udzu waufupi. Wotchetcha tchire awerengere nambala ya pamwamba. Choncho Massey Ferguson 240, ya 50 hp, imayenera makina osapitirira mamita 1.6 pa tchire lowirira, pamene 375 kapena 385, za 75 ndi 85 hp, zimayenera a mamita 1.8 mpaka 2.

Chachiwiri ndi kulemera. Makina opepuka a mita imodzi ndi theka amalemera makilogalamu 200 mpaka 300, pamene olimba a mamita 2 amafika 600 mpaka 800. Katundu wotere akanyamulidwa kumbuyo, matayala a kutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero chimasiya kumvera, makamaka pokwera mtunda. Lamulo lodziwika ndi lakuti gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thirakitala litsale kutsogolo. Likachepa, pamafunika zitsulo zolemetsa pamphuno.

Chachitatu ndi mikono ndi shafuti. Mathirakitala aang'ono ali ndi mapini a Category 1, a mamilimita 22, ndipo apakati ali ndi a Category 2, a mamilimita 28. Shafuti ya 540 ili ndi mizere 6, pamene ya 1,000 ili ndi mizere 21. Makina opangidwira 540 akazunguzidwa pa 1,000, rota imathamanga pafupifupi kawiri ndipo nyundo zitha kuthothoka.

Chachinayi chimakhudza mathirakitala akale omwe PTO yawo ndi yolumikizana ndi magiya. Rota yolemera siima msanga. Woyendetsa akaponda kilatchi, rotayo imapitiriza kukankha thirakitala kupita kutsogolo, mwina kudzenje kapena kumtengo. Mankhwala ake ndi kilatchi yolola shafuti kuzungulira mbali imodzi yokha. Makina ambiri amabwera nayo m'giyabokosi, koma ndi bwino kufunsa.

M'lifupi mumabwera pomaliza. Ndi bwino kuti makina aphimbe mapazi a matayala a kumbuyo, koma makina opapatiza omwe rota yake siifooka amamaliza ntchito msanga kuposa otambalala omwe akutsamwitsa injini.

Zoyang'ana pogula

Makina awiri ofanana utoto ndi m'lifupi atha kusiyana kulemera kawiri, ndipo pa tchire kulemera ndi chizindikiro cha chitsulo chomwe chilimo. Wogula ayang'ane kuchindikala kwa khoma la rota ndi la chivindikiro, kukula kwa mabering'i, ndi kuchuluka kwa malamba. Rola yonenepa imadutsa pa maenje bwino kuposa yowonda. Kutsogolo kukhale maunyolo kapena timalata totchinga miyala. Chitseko cha kumbuyo chotseguka chimathandiza posintha mipeni ndi pochotsa zokulungika.

Palinso makina osunthira m'mbali ndi hayidiroliki, othandiza kufika pansi pa nthambi za mitengo ya zipatso ndi m'mbali mwa mpanda. Ena amapendekeka kukwera kapena kutsika, kaamba ka ngalande ndi makoma a madamu, pamene thirakitala ikuyenda pamalo osalala. Awa amakokera kulemera mbali imodzi, choncho amafuna thirakitala yolemera ndi yotambalala matayala.

Funso lalikulu kwa wogula wa ku Malawi kapena Zambia ndi la zipangizo zosinthira. Mipeni, mabawuti ndi malamba zimatha ndithu, ngakhale makina atasamalidwa bwanji. Makina a malamba ndi mabering'i a manambala wamba, opezeka m'sitolo za ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka, amaposa makina apamwamba omwe aima mwezi wonse kudikira katundu wa kunja. Ndi nzeru kugula mipeni ndi malamba apadera tsiku lomwe makina akugulidwa.

Kumangirira ndi kutchera

Shafuti ya PTO imabwera yaitali dala, ndipo imadulidwa molingana ndi thirakitala. Ikatalika kwambiri, makina akanyamulidwa imakankha giyabokosi mpaka kuiswa. Ikafupika kwambiri, mapaipi ake awiri amasolokana ali mkati mozungulira. Mapaipiwo azilowana gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake kapena kuposera apo, ndipo pomwe shafuti yafupika kwambiri patsale mpata wa masentimita angapo.

Makina atcheredwe pamalo osalala, injini itazimitsidwa. Kulemera kwake kukhale pa rola, osati pa mikono ya thirakitala, ndipo mkono wa pamwamba ulowe m'bowo lalitali ngati lilipo, kuti makina azikwera ndi kutsika okha potsata nthaka. Pa udzu wa malo osalala msinkhu wa masentimita 5 mpaka 8 ndi wabwino. Pa malo osadziwika bwino ulendo woyamba ukhale pa masentimita 10 mpaka 15. Mipeni isakhudze dothi; mchenga umaidya msanga kuposa mitengo, ndipo fumbi lochuluka kumbuyo ndi umboni woti makina atsika kwambiri.

Kutchetcha pa malo ovuta

Ntchito imayamba ndi miyendo. Woyendetsa ayende malo onse n'kuzika timitengo pa zitsa, miyala ikuluikulu, zulu, maenje oumbira njerwa ndi zitsime zakale. Mdani wamkulu ndi waya wa mpanda, zingwe ndi mapulasitiki, zomwe zimakulungika kumapeto kwa rota n'kuwononga mabering'i.

PTO ilowetsedwe injini ili pansi, kenako mafuta awonjezedwe pang'onopang'ono mpaka pa chizindikiro cha 540. Liwiro la injini likhale pomwepo ntchito yonse, ndipo kuyenda kusinthidwe ndi magiya okha. Chifukwa chake n'chakuti rota ikafooka mipeni imagwa mphwayi, imapindikira kumbuyo, ndipo imakanda zomera m'malo mozidula, uku malamba akuterereka ndi kutentha. Pa udzu thirakitala itha kuyenda makilomita 4 mpaka 8 pa ola. Pa tchire lowirira, 1 mpaka 3. Injini ikayamba kulira molemedwa, woyendetsa atsitse giya kapena adule theka la m'lifupi.

Tchire lalitali limadulidwa kawiri. Ulendo woyamba ndi wa m'mwamba, woulula zobisika. Wachiwiri ndi wotsika, ndipo umadzera mbali yosiyana kuti utole zomwe matayala adagoneka. Chitsamba chachikulu chimalowedwa chobwerera m'mbuyo, makina atakwezedwa pang'ono, kenako n'kutsitsidwa pang'onopang'ono. M'munda womwe udali ndi mizere, thirakitala itsate mizereyo. Kuidutsa chopingasa kumadumphitsa makina ndi kumenyetsa mipeni pamwamba pa mzere uliwonse.

Kuchuluka kwa ntchito kumawerengedwa chonchi: m'lifupi mwa makina m'mamita, kuchulukitsa ndi liwiro m'makilomita pa ola, kugawa ndi 10, ndiye mahekitala pa ola, kenako kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo 5 kaamba ka kukhota ndi kuima. Makina a mamita 1.8 pa makilomita 4 amamaliza kupitirira pang'ono theka la hekitala pa ola. Pa makilomita 2 ndi maulendo awiri, hekitala imodzi imadya pafupifupi maola 7.

Chisamaliro ndi ngozi

Mabering'i a rota ndi a rola amafuna girisi tsiku lililonse la ntchito. Malamba atsopano amatamuka m'maola oyamba, choncho amakokedwanso; akatha amasinthidwa onse pamodzi. Mpeni umodzi ukatayika, rota imalemera mbali imodzi ndipo makina onse amanjenjemera. Kunjenjemera ndi lamulo loti aime pomwepo, chifukwa kumaphwanya mabering'i ndi kung'amba zowotcherera. Posintha nyundo yotha, inzake ya mbali ina ya rota isinthidwenso kuti kulemera kufanane.

Ngozi zazikulu ndi zinayi. Shafuti ya 540 imazungulira maulendo 9 pa sekondi, ndipo ikagwira malaya kapena chitenje munthu alibe nthawi yothawa, choncho chotchinga chake chapulasitiki chisachotsedwe. Rota imazungulirabe PTO itachotsedwa, kotero palibe woyandikira mpaka itaima, injini itazima, ndipo makina onyamulidwa atachirikizidwa ndi chinthu cholimba. Pamalo otsetsereka thirakitala imagubuduzika msanga ikamayenda chopingasa, makamaka tayala lakumtunda likakwera chitsa. Chitsulo choteteza woyendetsa ndi lamba wa pampando zimapulumutsa moyo. Ngozi yachinayi ndi moto. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, nyundo ikagunda mwala imathetheka pa udzu wouma, ndipo zinyalala zimatseka radiyeta. Nthawi yotere ntchito ichitike m'mawa, madzi kapena chozimitsira moto chili pafupi. Ngakhale makinawa saponya zinthu kutali ngati silasha, anthu ndi ziweto akhalebe patali.

Kodi tchire lotchetchedwa limafa?

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Makina amachotsa za pamwamba zokha. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu, monga tsamba, mombo ndi msuku, imaphukanso kuchokera pa chitsa ndi mizu, ndipo pomwe padali thunthu limodzi pamatuluka mphukira zingapo. Lantana camara, chitsamba chochokera ku America chomwe chalanda malo odyetsera ziweto m'maiko ambiri a mu Africa, chimachitanso chimodzimodzi, uku mbalame zikumwaza njere zake.

Chomwe chimafooketsa chitsamba ndi kutha kwa chakudya chosungidwa m'mizu. Chomera chimatapa nkhokwe imeneyi potulutsa masamba atsopano, n'kuidzazanso masambawo akakhwima. Kudula nthawi yomwe masamba angomaliza kutambasuka, n'kubwerezanso mphukira zikakula, kumatapa nkhokweyo osalola kuti idzale. Kudula kamodzi m'chilimwe, mitengo itayoyola masamba, kumayeretsa maso okha. Udzu woipa nawo udulidwe usanabereke njere, apo ayi makina ndiwo amafesa njerezo. Kugonjetsa tchire kumatenga nyengo zingapo, ndipo kumafulumira ngati kutchetcha kwaphatikizidwa ndi kuzula zitsa, kupaka mankhwala pa zitsa zongodulidwa, kudyetsa mbuzi, kapena kudzala udzu wabwino wophimba nthaka.

Zomwe akadatsutsana

Nkhani yoyamba ndi ya zinyalala zotsala. N'zodziwika kuti zimatchinga nthaka ku madontho a mvula, zimasunga chinyezi, ndipo zikawola zimabwezera chonde chomwe moto ukadauluza. Apa makinawa amagwirizana ndi ulimi wa mleranthaka. Koma mapesi ophwanyidwa sangatolekenso kukadyetsa ng'ombe, zidutswa zing'onozing'ono zimatha msanga ndi chiswe ndi kutentha, ndipo zidutswa za mitengo zikasakanizidwa ndi dothi zimabwereka nayitirojeni kwa kanthawi pamene zikuwola. Kulemera kwa mfundo iliyonse kumasiyana ndi munda.

Nkhani yachiwiri ndi ya njira zotchinga moto, monga za m'nkhalango za paini za ku Chikangawa. Udzu wotchetchedwa umafupikitsa malawi, koma zinyalala zouma zimayakabe. Ena amaona kuti kutchetcha kumakwanira pomwe pali anthu olondera. Ena amati mzere wopalidwa mpaka dothi ndi wosapeweka.

Nkhani yachitatu ndi ya zamoyo. Kafukufuku wa m'madambo a ku Ulaya adaonetsa kuti makina ophwanya amapha tizilombo ndi tinyama tating'ono tambiri kuposa makina a mpeni wa mano. Ku England malamulo amaletsa alimi kumeta mipanda ya mitengo kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Ogasiti, nyengo yomwe mbalame zimaswa. Mkangano uli pa kukula kwa vutoli, koma njira zolichepetsera n'zodziwika: kukweza msinkhu, kuyambira pakati pa munda kupita kunja kuti nyama zithawe, ndi kusiya zigawo zina zosadula.

Kugula kapena kuchita hayala

Mtengo weniweni wa makinawa ndi wa pa hekitala: dizilo, mipeni, malamba, malipiro a woyendetsa, ndi kutha kwa makinawo kogawidwa pa maola omwe agwira pa chaka. Esiteti ya tiyi kapena makadamiya ku Thyolo ndi Mulanje, yomwe imatchetcha misewu ndi mipata ya pakati pa mitengo kangapo pa chaka, ili ndi maola okwanira kubweza ndalama. Mlimi wofuna kutsegula mahekitala ochepa kamodzi kokha amapindula pochita hayala, kapena pogula limodzi ndi anzake kudzera m'kopaletivi.

Dongosolo la kusankha likhale lotere. Choyamba, kuyeza kunenepa kwa mitengo yomwe ikufunika kudulidwa, chifukwa ndiko kumasankha pakati pa mipeni, nyundo ndi chikwanje. Chachiwiri, kuona zomwe zili pafupi ndi malowo, chifukwa ndizo zimasankha pakati pa flail ndi silasha. Chachitatu, kuwerenga mphamvu ndi kulemera kwa thirakitala, zomwe zimapereka m'lifupi. Chachinayi, kutsimikiza komwe zipangizo zosinthira zidzagulidwe. Ndipo bajeti ikhale ya nyengo zitatu kapena zinayi za kutchetcha mobwereza, pakuti ulendo woyamba umangotsegula malo, pamene kuwasunga otseguka ndi ntchito ya chaka ndi chaka.